Nyama Yomaliza ya Bambo

Anthu amene amaimba nyimbo zotamanda nyengo yophukira sanakhalepo kwathu kuno, kumaiko ozizira a kumpoto, chipale chofewa chikamasungunuka. Miyezi yonse yozizira mudzi wathu umakhala mbee ngati nsalu yochapa. Dzuwa likangoyamba kufunda, zonse zimene tinataya zimatulukira poyera: manyi a agalu m'mbali mwa msewu, ofewa, osanjikizana kuyambira a mu Novembala, zitini za mowa, fodya wa m'kamwa wolavula, golovesi yopanda inzake, mbewa zofa. Msewu wathu wolowa m'nkhalango umasanduka matope ofika m'akakolo. Kuseri kwa mitengo ya paini mlimi amayamba kumwaza ndowe zamadzi m'munda mwake, ndipo mphepo imalibweretsa fungolo mpaka m'kapu ya khofi. Mbalame nazo zimangolongolola kuyambira m'mawa ngati pali chosangalatsa.

Chaka chimenecho kunafunda msanga, ndipo ine ndinali ndi nyama m'shedi.

Inali nyama ya elegi, chinyama cha nyanga zotambalala chimene bambo anga, a Sixten, anawombera mu Okutobala. Monga mwa nthawi zonse, gulu lawo la alenje linagawana, khomo lililonse gawo lake. Gawo lathu bambo analidula okha patebulo la kukhitchini, nalikulunga m'mapepala oyera, mpukutu uliwonse nkulembapo kuti uwu ndi ntchafu, uwu ndi nthiti. Firiji ya m'nyumba itafa mu Disembala sanadandaule. Anati kunja konseku ndi firiji, munthu angathamangirenji kusitolo. Anatuta mipukutu yonse nkukaiika m'chifiriji chakale cha m'shedi ya nkhuni, chakufa kalekale, chimene ankasungiramo zingwe. Yatsopano anati adzagula kukayamba kufunda. Mu Febuluwale anagwa pambali pa chitsa chowazirapo nkhuni, nkhwangwa ili m'manja, osadzukanso.

Ndinabwera kuchokera ku koleji kudzalira, ndipo sindinabwererekonso. Mabuku akadali m'chikwama pansi pa bedi. Thupi linawotchedwa, koma kamtsuko ka phulusa kanatsala kutchalitchi kudikira kuti nthaka youma gwa ndi chisanu ifewe. Pa khofi wa pambuyo pa mapemphero ndinaimirira nkuuza anthu onse kuti tsiku lokwirira phulusalo adzadye kwathu. Ndidzaphika ndekha elegi womaliza wa bambo. Chinali chinthu chokhacho chimene ndinkaona kuti ndingawachitire. Digiri imene ankaiyembekezera ndinali nditaitaya kale mumtima.

Mayi Gunborg, a nyumba yoyandikana ndi yathu, ananditsatira mpaka pokoloweka majekete nkundiuza kuti m'firiji mwawo muli malo, nditengere nyamayo kwawo. Ndinakana. Patebulo pomwepo amuna awo, a Evert, anali atangondifunsa, keke ili m'kamwa, ngati macheka a injini a bambo ndinali nawo ntchito. Maluwa a pabokosi anali asanafote nkomwe. Ndinalumbira chamumtima kuti kanthu kalikonse ka bambo sikadzadutsa mpanda wa pakati pa nyumba zathu.

Koma firiji yatsopano sindinagule. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Kuti ndifike kushediko ndinkayenera kudutsa pachitsa paja, ndiye ndinkangowotha nkhuni za pakhonde, ndipo zitatha ndinayamba kugona ndi jekete. Madzi atayamba kudontha padenga ndinkadziuza kuti chifirijicho nchochindikala, kuzizira sikungathawemo msanga. Chipale chitachoka pabwalo, udzu wa chaka chatha uli gonegone ngati tsitsi la munthu wodwala, ndinasiya kutsegula zenera la mbali imeneyo.

Kenako abusa anaimba foni kuti nthaka yafewa, tikwirire Loweruka.

Lachinayi masana ndinamva kugogoda. Anali mayi Gunborg atavala majombo a amuna awo, a Evert ali pambuyo, manja m'matumba.

"Iwe Melker, kwanu kuno kwafa chiyani?"

Ndinati ndi ndowe za mlimi uja.

"Ndowe ndimazidziwa, mwanangu, ndagona nazo chipinda chimodzi chikwatiwire changa," anatero akuloza a Evert ndi chibwano. "Ili ndi fungo lina. Tiye kushedi."

Ndinawauza kuti alibe chochita ndi shedi yathu, kuti nyama ili bwinobwino, kuti ndinaiona dzulo lomwe. Mayiwo anangotembenuka nkuyamba kuyenda, ndiye ndinathamanga kuti ndikhale patsogolo, poti sindikanalola kuti chitseko cha bambo atsegule ndi iwo. Ndinadutsa pachitsa paja osayang'ana pansi.

M'shedi munali mofunda ngati m'khola. Ntchentche zikuluzikulu zobiriwira, zoyamba za chaka, zinali zitaunjikana m'mphepete mwa chivundikiro, pamene mphira unang'ambika. Ndinachitukula. Fungo silinabwere ngati fungo ayi, linabwera ngati chinthu chonyowa chokumata kumaso. Mipukutu ija inali kuyandama m'madzi ofiirira a thovu, mapepala atasanduka otuwa, zolemba za bambo zitasungunuka nkutsala mizere yabuluu yotsetsereka. Mpukutu wapamwamba unali utaphulika. Nyama yake inali yobiriwira m'mbali, yonyezimira, ndipo pakati pake pankayenda tinthu toyera. Ndinatuluka chothamanga nkukasanzira pa kamulu ka chipale chakuda kamene kanatsala kumthunzi.

A Evert anasuzumiramo atatseka mphuno ndi chipewa.

"Elegi ameneyu wafa kawiri," anatero.

Mayi Gunborg anawamenya pamkono, koma ine ndinaseka. Ndinaseka masanzi ali pachibwano, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo ndinakhala pachitsa pomwe paja, chimene ndinachithawa miyezi yonseyi, nkulira ngati kamwana. Sanandigwire. Anandisiya mpaka nditatopa, kenako mayiwo anandiponyera magolovesi a mphira nkunena kuti akatenge wilibala.

Tinatuta tonse. Mpukutu uliwonse unkang'ambika m'manja, madzi ake nkutsikira m'mikono ya jekete. Ndinkayembekezerabe kuti pansi penipeni ndipeza umodzi wolimba, umodzi wokha wokwanira kampoto. Panalibe. Wapansi ndiwo unali phala lenileni, tinachita kuukokolola ndi fosholo.

Ine ndi a Evert tinakankha wilibalayo kulowa m'nkhalango, kutali ndi zitsime, gudumu likutitimira m'matope. Pansi pa mitengo panali patatuluka timaluwa toyera tija timene ana amathyolera amayi awo, tambirimbiri, tili nga nga nga ngati sitikumva fungo. Ndinatiponda dala. Makwangwala anali atayamba kale kutitsatira, akudumpha nthambi ndi nthambi. A Evert anandifotokozera akupuma mwabefu mmene bambo anachiwombera chinyamacho, kuti anadikira m'dambo madzi ali m'mawondo, kuti chipolopolo chinali chimodzi chokha, kuti atachigwetsa anavula chipewa monga ankachitira nthawi zonse. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mkuluyu ndinamuweruza molakwa. Titakhuthula katundu wathu kuseri kwa chimwala, anapukuta manja pa ndere nkundifunsa ngati ndinaganizapo za macheka aja.

Pobwerera ndinapeza mayi Gunborg akutsuka chifirijicho ndi madzi otentha. Ndinawauza kuti ndiimbira anthu onse foni kuti chakudya kulibe, aliyense akadye kwawo. Ndinati ndiwauza zoona, kuti mwana wa a Sixten, amene analephera sukulu, walepheranso kusunga nyama m'dziko la chipale.

Anafinya chisanza chawo osandiyang'ana.

"Kodi iwe umayesa elegi uja anali ndi mwendo umodzi?"

Sindinamvetse chimene ankatanthauza.

"Bambo ako anawombera chinyama chonse, osati kagawo kanu kokha. Phewa lili m'firiji mwanga. Zina zili uko, zina uko, msewu wonsewu. Kasambe, ukununkha."

Ndinati sindipempha munthu kanthu. Anati palibe wandituma kupempha, ndipo ngati ndikufuna kunyada ndikanyade nditasamba.

Ndinasamba kawiri, jekete ndinalitaya, koma fungo linatsalira mkati mwa mphuno. Lachisanu m'mawa mayi Gunborg anabwera ndi dengu lochapira zovala lodzaza ndi mipukutu youma gwa ngati miyala, ikufuka nthunzi yozizira. Ina inali m'mapulasitiki, ina m'mapepala, iliyonse ndi zolemba za mwiniwake. Anaikhuthulira patebulo pomwe bambo ankadulira nyama. Anandiuza kuti palibe khomo limene linakana, ngakhale ena anatulutsa kampukutu ka mafupa okhaokha, ndipo mayina awo awasunga. Kuphika anati ndiphike ndekha monga ndinalonjezera, iwo sakhudza mpeni.

Ndinaiyang'ana mipukutuyo nthawi yaitali. Sinali yathu. Koma itayamba kufewa, magazi ake ofiira bwino akuyenderera m'mbale, ndinadziwa kuti ndi chinyama chomwe chija, chimene bambo anachivulira chipewa. Ndinadula ndikupumira m'kamwa. Ndinakazinga ndi anyezi, nkuthira zonona za mkaka ndi bowa wouma amene bambo anatola okha. Fungo lija likandibwerera ndinkatuluka panja, kenako nkulowanso.

Loweruka tinakwirira kamtsuko kaja. Dzenje lake linali laling'ono, lokwana mkono, ndipo pansi pake panali madzi amatope. Kenako anthu anadzaza nyumba yathu, majombo awo ali mulu pakhonde, matope mpaka pamkeka wa kukhitchini. Anadya ndi mbatatesi ndi jamu wa tizipatso tofiira tam'tchire. Aliyense ankati nyama imene ili m'mbale mwake ndi imene anapereka iye, poti ndiyo yofewa, yolimbayo ndi ya mnzake. Za shedi palibe anatchula, kutanthauza kuti onse ankadziwa.

Ine ndinakhala kumapeto kwa tebulo, mbale ili patsogolo panga, ndikumvabe fungo la chifiriji chija. Mayi Gunborg ankandiyang'ana ali kutsidya, foloko yawo ili m'mwamba, osadya. Ndinabaya nthuli imodzi. Ndinaitafuna nthawi yaitali, maso akutuluka misozi imene sindikudziwa ngati inali ya bambo kapena ya mseru. Ndinameza. Apo mpamene mayiwo anayamba kudya.

Anthu atapita ndinatsegula zenera la mbali ya shedi kuti fungo la thukuta ndi anyezi lituluke. M'malo mwake munalowa la ndowe. Kunkhalango makwangwala anali akukanganabe kuseri kwa chimwala chija. Ndinapita kushedi, nkutsitsa macheka a bambo pamsomali, nkukawaika tsidya lina la mpanda. A Evert anatuluka msanga ngati anali pazenera.

"Ndakubwerekani, bambo Evert. Sindinakupatseni."

Anavomera ndi mutu, maso ali pa macheka, chala chikuyesa kale mano ake.