Maselo a Woliza Lipenga

Akanangowauza zoona abwana ake tsiku lija anatsegula firiji, bwenzi m'mawa uno asakuzengereza chonchi pamaso pa mabotolo khumi ndi awiri ofanana, onse okhala ndi timadzi tofiirira, onse olembedwa nambala basi, poti mu labu muno munthu akapereka kachidutswa ka nkhama kapena ka khungu, dzina lake limatsala pakhomo. Koma iye ankadziwa kuti botolo la nambala naini ndi mwamuna wake, amene anamuika m'manda miyezi isanu ndi iwiri yapitayo.

Ntchito ya lero inali yoti angathe kuigwira ngakhale akusinza: kudontheza mankhwala aukali pa maselo onse, kudikira maola anayi, kuyeza zimene maselowo atulutsa pamene akupsa, kenako kuthira bulichi wopha maselo onse n'kutaya. Si iye yemwe amene ankaphunzitsa anthu zimenezi? Kuti mpweya womwe umatisunga amoyowu umasiya m'selo tinthu taukali, todya selolo pang'onopang'ono ngati dzimbiri, ndipo selo likapsa limakuwa, limaitana asilikali a m'magazi, malowo n'kufiira, n'kutupa, n'kutentha. Ankazidziwa bwino, ankazidziwa mopitirira muyeso, n'chifukwa chake tsiku lina mwamunayo atatsegula kukamwa pafupi ndi windo, akuloza kabanga kofiira mkati mwa tsaya, iye anangosuzumira kamodzi, thaulo lili paphewa.

"Adokotala anga, taonani kuno."

"Ndi lipenga lanulo, bambo. Kutupa chabe. Pumulani sabata ziwiri."

Mwamunayo anapumuladi, popeza ankakhulupirira mawu a mkazi wake kuposa a chipatala, anapumula, analizanso lipenga pa maukwati a anthu, anapumulanso, mpaka miyezi isanu ndi itatu inatha, ndipo pamene dokotala weniweni anatchula khansa, mwamunayo sanamuyang'ane n'komwe mkazi wake moipidwa — akanamukalipira, akanaswa kapu, mwina bwenzi pano akutha kupuma — anangomugwira dzanja ngati wodwalayo ndi iyeyo.

Anatenga kachubu kodonthezera. Botolo loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anthu osawadziwa amapsa mosavuta.

Kachidutswa ka mwamuna wake kanatengedwa kale, asanakwatirane, asanadziwane n'komwe. Mnyamata wina wamtali anabwera kudzachotsa dzino, iye akuyenda ndi mapepala opempha odwala kuti apereke tinyama totsala kuti tithandize pa kafukufuku, ndipo mnyamatayo, thonje lili m'kamwa, tsaya lili tumbi, anasaina n'kunena kuti, "Tengani, achemwali, koma mundibwezere ndi nambala ya foni." Naini uja anamulemba ndi dzanja lake lomweli, akudziluma milomo kuti asaseke.

Maliro atatha, apongozi ake anamufunsa atakhala pamphepete mwa bedi kuti, "Palibe chatsala cha mwana wanga?" Iye anawapatsa lipenga ndi jekete. Akanawauza bwanji mayi okalambawo kuti mwana wawo ali m'kabotolo kozizira, sanafe yense? Anasunga nkhaniyo pansi pa lilime mpaka sabata zitatu zapitazo, pamene anatulutsa kabotolo komaliza, n'kukasungunula m'manja mwake, n'kuika maselowo m'kabati yofunda kuseri kwa ena onse. M'mawa uliwonse ankawasinthira madzi, akuwapatsa moni chamumtima, mwadzuka bwanji bambo, ndipo dzulo abwana anawapeza, anasangalala, nati botolo limodzi linkasowa pa kuyesa kwa lero, limeneli likwanitsa chiwerengero. Akanawasiya m'firiji bwenzi akugonabe. Ndiye kuti wamupereka kawiri, poyamba ndi mawu, tsopano ndi manja — kapena ayi, kapena ankangofuna kumuonanso akuyenda, kodi chimenecho n'cholakwa?

Lachisanu ndi chitatu. Analumpha naini. Lakhumi, ndi awiri otsatirawo.

Chitseko chinalira, abwana analowa akuvala magulovu, mayi wachikulire wa magalasi okhala pansonga ya mphuno, amene anabwera kumaliro kuja n'kukhala naye tsiku lonse osadziwa kanthu.

"Mwamaliza, mwana wanga?"

"Latsala limodzi."

"Naini? Ameneyo mumamusamala ngati chibwenzi." Anaseka, akusuzumira wotchi ya pakhoma. "Fulumirani. Mukamusiyanitsa ndi anzake mphindi khumi, ntchito ya mwezi wonse yalowa m'madzi."

Abwana anatuluka, ndipo phokoso la makina opemerera mpweya linadzazanso chipinda, kunja kukumveka magalimoto ndi munthu wina akukoka tebulo pamwamba. Iye angathe kudontheza madzi wamba, palibe angaone. Koma bulichi wa masana sasankha, ndipo nambala yabodzayo idzalowa mu lipoti, idzanamiza wina amene tsiku lina adzayang'ana m'kamwa mwa mwamuna wa munthu. Angathe kubisa botololo m'thumba, koma kunyumba kulibe kabati yofunda, pofika madzulo adzakhala atazizira. Ngakhale muno, maselo otere sakhala mpaka kale, amakalamba, amaphwatalala, amaleka kugawika. Angathe kuthamangira abwana n'kunena zonse, koma adzamuyang'ana ndi maso achisoni aja, n'kumulanda kachubu, n'kudontheza okha.

Anaika botolo pa maikulosikopu kuti amuone komaliza, kachubu kali kudzanja lamanja. Maselowo anali pomwepo, ataliatali, osongoka uku ndi uku, atagona moyandikana onse kuloza mbali imodzi. Chapakati, limodzi linali litadzikunga, lozungulira, lowala kuposa anzake, ndipo iye akuyang'ana, linayamba kuning'a m'chiuno pang'onopang'ono, likugawika kuti likhale awiri. Pagulovu pake panagwa kadontho kozizira, ndipo sanayerekeze kuchotsa diso kuti aone ngati kachokera m'kachubu kapena ndi msozi.