Nyemba za Kuseri kwa Katani

Mumsewu wopita kudoko la Alexandria, ogulitsa nyemba sankagawana malo ayi, ankagawana anthu. Onyamula katundu m'sitima anali a Ghareeb, bambo wa khosi lonenepa amene nyemba zake zinkasambira m'mafuta ndi adyo. Alembi a m'maofesi anali a munthu wina kumtunda. Oyendetsa malole nawonso anali ndi wawo. Ukadyetsa munthu amene si wako, nkhani yake inkakathera kuchipatala.

Mitwalli atafika ndi ngolo yake anapeza aliyense ali ndi mwini wake. Anakhala akuingitsa ntchentche kufikira tsiku limene anaona azimayi osoka matumba pafakitale ya pakona. Masana ankatuluka, kuyang'ana ngolo zozingidwa ndi amuna otukwana, n'kubwerera ndi njala yawo. Mkazi wodzilemekeza sakanaima pakati pa amuna n'kumatafuna.

Anapita kaye kwa Ghareeb, monga mwa mwambo.

"Akazi?" Ghareeb anaseka mpaka kutsokomola. "Tenga, mng'ono wanga. Utengenso amphaka, nawonso alibe wowaphikira."

Mitwalli anamanga katani wobiriwira kuzungulira ngolo. Adyo anamuchotsa, poti azimayiwo amasoka atagundanitsa mitu, n'kuikamo mandimu ndi tomato. Chipande anapatsa mkazi wake Sakina, iye n'kubwerera kumbuyo kukasonkheza moto pansi pa mtsuko wamkuwa. Mbiri inafala m'fakitale monse kuti pali malo amene mkazi amadya osayang'anidwa pakamwa.

Cholakwika chinayamba pang'onopang'ono. Mayi wina wamtali, Nabawiya, anati, "Sakina mwanawe, ndikulungire zina mubuledi. Bambo akunyumba amanunkha adyo ngati mbuzi yamphongo, ndatopa kugona nditayang'ana kukhoma." Azimayi anaseka, ndipo mawa lake onse anafuna zokulunga. Amuna awo anali omwe aja onyamula katundu. Mitwalli anaziona, koma anadziuza kuti wagula ndi mkazi, kumene nyemba zikupita si nkhani yake.

Ghareeb anabwera dzuwa lili paliwombo, ndi ana ake awiri, madoda andevu. Wamkulu ananyamula chitsulo, wamng'ono mbedza yokokera matumba. Onyamula katundu anali atakhala mumthunzi wa mpanda, akudya zokulunga zija.

"Tuluka kuseri kwa nsalu ya mkazi wako, galu iwe!"

Mitwalli anatuluka manja ali poyera. "Akuluakulu, tikhale pansi. Ine sindinagulitsepo kwa mwamuna ngakhale mmodzi."

"Nanga awo akudya chiyani? Mchenga?"

Chitsulo chinamupeza m'nthiti asanayankhe. Anamva china chake chikuthyoka mkati, mpweya n'kumuthawa. Atagwada, bondo la Ghareeb linamuphwanya mphuno, magazi n'kudzaza mkamwa. Mwana wamng'ono uja anakola katani ndi mbedza, kumung'amba kuchokera pamwamba mpaka pansi. Azimayi anabalalika ndi mbale m'manja, Sakina akukuwa dzina la Mulungu.

Mitwalli anaona wamkulu uja akulunjika pa mtsuko. Popanda mtsukowo panalibenso ngolo, panalibenso malo ake mumsewu umenewu. Anadzikoka n'kuukumbatira. Mkuwa wamoto unamata pakhungu, chitsulo n'kutsika pa dzanja. Mtsuko unapendekera, nyemba zowira zinakhuthukira pamkono mpaka pachifuwa. Anakuwa mawu amene iye mwini sanawazindikire.

Amuna a pampanda aja sanasunthe. Ndewu ya ogulitsa ndi ya ogulitsa.

Amene anasuntha ndi Nabawiya. Anavula patapata, kuyenda osathamanga, n'kumuwomba nayo Ghareeb pakamwa.

"Ndevu zonsezi, kumenya munthu wogwa? Mayi ako anakulera kapena anangokutaya pamsika?"

Anamuwombanso kachiwiri, kachitatu. Azimayi ena anabwerera ndi mbale, miyala ndi masingano aakulu osokera matumba. Mumsewu umenewu mwamuna akamenyedwa ndi mkazi wa mwini amaika manja kumbuyo n'kupirira, madandaulo amakapereka kwa mwamuna wake. Ghareeb ankadziwa zimenezi kuyambira ali mwana. Koma mlomo unali utang'ambika, anthu akuseka, ndipo dzanja linamutsogolera. Khofi lake linamugwetsa Nabawiya, mpango n'kuvuka kumutu, tsitsi la imvi lili poyera.



Kenako amuna onse a pampanda anaimirira. Mwamuna wa Nabawiya, Fathallah, amene kwa zaka zambiri ankadya pa ngolo ya Ghareeb m'mawa uliwonse, ndiye anafika poyamba. Anamugwira Ghareeb pakhosi n'kumumenyetsa mutu pa gudumu la ngolo. Anzake analanda chitsulo chija n'kuthyola nacho mkono wa mwini wake. Wa mbedza anathawa, koma anamugwira pakona n'kumupondaponda. Ena anathamangira ku ngolo ya Ghareeb, kuigudubuza, mafuta n'kuyaka pamsewu.

Mitwalli anaziona zonsezi ali chigonere, Sakina akumuthira madzi pamkono umene khungu lake linali litasupuka. Sanakondwere. Ghareeb anali ndi zidzukulu zodya kuchokera mu ngolo imene inkayakayo.

Fathallah anabwera akupuma mwawefuwefu, magazi a munthu wina ali pamalaya.

"Achimwene, musadandaule. Kuyambira mawa tonse tidya kwa inu. Nsanza iyi ichotseni, tiziima bwinobwino."

Sakina anayang'ana mwamuna wake, maso akuwala. Amuna a padoko anali ochuluka kuposa azimayi a fakitale, ndipo ankadya kawiri.

Mitwalli anayang'ana azimayi aja. Anali atabwerera kale pakhomo la fakitale, kutali ndi khamu la amuna, akumuthandiza Nabawiya kumanga mpango. Analavula magazi.

"Pitani mukazimitse moto uwo," anatero movutikira. "Amuna muli ndi wokuphikirani, akachira. Ine ndimagulitsa kwa akazi."

"Mwapenga, achimwene? Takumenyerani nkhondo!"

"Mwamenyera mkazi wanu." Anatembenukira kwa Sakina. "Mayi a Reda, pemphani singano kwa azimayiwo, musoke katani. Ndipo zokulunga zatha. Wofuna nyemba adyere pompano."

Atatero analola kuti amunyamule kupita kuchipatala.