Mpando wa Liban

Tsiku limene analengeza kuti Liban ndiye aziyendetsa sitima ya anthu yochoka ku Dire Dawa kupita ku Djibouti, a Wondimu, oyendetsa sitima ya katundu, sanakondwe. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akukoka mabogi a simenti, mpando wabwino n'kupita kwa munthu amene anamuphunzitsa okha kugwira mabuleki! Nsanje inawadya mpaka kuwonda.

"Bwana, Liban wanu wokondedwa uja amatafuna masamba oledzeretsa a chati asanakwere sitima," a Wondimu anawanong'oneza a Demissie, mkulu wa pasiteshoni. "Muyezeni malovu muone nokha."

Linali bodza lamkunkhuniza. Koma a Wondimu ankadziwa kuti zoyezera zatsopano zinali zisanafike, ndipo zakale zinali zitapsa ndi kutentha m'kabati, moti zinkatha kunamizira ngakhale munthu wongomwa madzi.

Namwino wa pasiteshoni, Sisitala Hawi, anayang'ana zoyezera zakalezo n'kupukusa mutu. "Apa ine sindisainapo. Lamulo la chitetezo cha panjanji likuti choyezera chikhale chovomerezeka komanso chosatha nthawi. Izi zinatha miyezi itatu yapitayo. Zotsatira zake sizingaime pamlandu."

"Aa, Sisitala, malovu ndi malovu basi," anaseka a Wondimu. "Kachipangizo kanayamba liti kuwerenga kalendala?"

A Demissie, poopa kuoneka okondera, anayeza okha oyendetsa sitima onse. Zoyezerazo zinagwira anthu awiri: Liban, ndi wina dzina lake Mulatu. Za Mulatu panalibe wodabwa, pakuti aliyense ankadziwa kuti amameza mapiritsi ozunguza bongo. Onse awiri anaimitsidwa ntchito, ndipo mpando uja unagwera a Wondimu. Anagula chipewa chatsopano, ngakhale kayendedwe kanasintha.

Liban anakadandaula kubwalo la milandu ya apantchito. Woweruza sanataye nthawi. Anaitanitsa bokosi la zoyezera, anawerenga deti, kenaka anamva umboni wa Sisitala Hawi. Anagamula kuti zotsatira zonse za tsiku lija n'zopanda ntchito pamaso pa lamulo, ndipo onse oimitsidwa abwerere.

"Onse? Ndi Mulatu yemwe?" anafunsa a Wondimu panja pa bwalo.

"Ndi Mulatu yemwe," anayankha Sisitala Hawi mokwiya. "Tikanadikira zoyezera zoyenera, bwenzi pano ali kuchipatala akuthandizidwa. Tsopano tilibe pomugwirira mpaka zatsopano zifike."

Liban anabwerera pampando wake. A Wondimu anabwerera ku simenti, ndipo pa ndandanda wa sabata imeneyo anawaika kuti akhale wothandiza m'sitima ya Mulatu.

Atafika pamtsetse wautali, a Wondimu anaona maso a mnzawoyo ali psuu. Kumbuyo kwawo kunali mabogi makumi anayi odzaza. Mantha anawagwira a Wondimu, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, ndikuthokozeni," anatero Mulatu akuseka. "Pakanapanda zoyezera zanu zovunda zija, bwenzi ndili pakhomo. Tsamirani, mugone pang'ono."

A Wondimu sanaphethire mpaka ku Djibouti.

Phunziro: Malamulo a zoyezera amateteza wosalakwa komanso amathandiza kugwira wolakwa. Ukawapotoza chifukwa cha nsanje, umamasula ngozi yomwe idzayende nawe limodzi.