Kabokosi ka Kuseri kwa Furiji

Conrad Daka ankaopa mwambo, koma ankaopa kwambiri kusekedwa. Mantha oyambawo ndi amene anamuchititsa kusuntha kabokosi, ndipo achiwiriwo ndi amene anamutseka pakamwa.

Nyumba yake ku Nyimba inali yaitali, ya makoma ochindikala, moti intaneti ya pabalaza sinkafika kuchipinda chakumapeto komwe mkazi wake Doris ankawerengera. Doris anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ankachita maphunziro a digiri pa laputopu. Ndiye Conrad anagula tibokosi titatu toyera ta waifai: kena pabalaza, kena m'chipinda cha alendo chapakati, kena kwa Doris. Tinkapatsirana netiweki monga anthu amapatsirana njerwa pomanga tchalitchi. Mlendo aliyense, ngakhale wongodzabwereka pampu ya njinga, ankayamba waonetsedwa tibokosi timeneti.

Kenako amai Sakala, amayi ake a Doris, anathyoka mwendo m'munda wa mtedza kwawo kwa Nyalugwe. Anabwera kudzakhala pafupi ndi chipatala, ndipo malo awo anali chipinda cha alendo chija. Apa mutu wa Conrad unaima. Magetsi akazima n'kuyakanso, kabokosi kapakati kankafuna munthu wokadzutsa, koma mkamwini salowa m'chipinda chogona apongozi, ngakhale muli njoka. Apongozi asanafike anakazula mwakachetechete. Soketi yokhayo yopanda ntchito inali kukhitchini, kuseri kwa furiji, pansi pa shelefu ya mapoto. Anakakankhira kumeneko n'kudziyamikira kuti ndi mwana woleredwa bwino.

Amai Sakala anabwera ndi ndodo ziwiri, kachikwama, ndi foni imene anawagulira mwana wawo Stephen wa ku Petauke. Kwa Stephen komweko kunkagona mkulu wa amai Sakala, amai Consolata, amene matenda anali atawafoola. Mwa ana onse a bere limodzi anatsala awiriwa basi. Masana aliwonse ankaonana pa foni, n'kumanyozana za imvi, kukumbutsana nyimbo za kwaya, ndi kuseka mpaka kutsokomola. Aliyense m'banjamo ankadziwa kuti masiku a amai Consolata ndi owerengeka, kungoti panalibe wotchula.

Sabata yomweyo intaneti inayamba kukwawa. Mphunzitsi wa Doris ankauma pa sikirini kukamwa kuli yasa, mawu n'kubwera iye atatseka kale buku. Mayeso anali pafupi. Conrad anazimitsa zonse n'kuyatsanso. Anaimbira a kampani, iwo n'kumuuza kuti kwawo zonse zili bwino. Atayeza liwiro pabalaza linali lothamanga, koma kwa Doris linali la nkhono. Mtima unamuuza kumene kunali vuto, koma iye anauyankha kuti ukhale chete.

"Mafoni yachuluka m'nyumba muno," anatero, maso ali kudenga.

"Kapena ni foni ya amai?" Doris anafunsa motsitsa mawu. "Paja amakamba na amai akulu nthawi yaitali."

"Mwina," anatero Conrad.

Liwu limodzi lokhalo, lopepuka ngati gaga, ndi limene linadzamulemera pambuyo pake.

Loweruka Doris atapita kumsika, Conrad anagwada kuseri kwa furiji. Kabokosi kanali kotentha, kodzaza fumbi ndi ndodo za tsache, kanyali kake kali psuu. Chitsulo cha furiji ndi mapoto zinkatchinga netiweki yonse, ndipo kabokosi ka kwa Doris kankangolandira nyenyeswa. Anatenga chingwe chachitali, nakakakhazika pamwamba m'khonde la m'kati, kunja kwa chitseko cha apongozi. Kanyali kanasanduka kobiriwira. Anavina pang'ono payekha, osakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chimene sankadziwa n'chakuti m'mawa womwewo Doris anali atalankhula ndi amayi ake. Sanawaletse ayi, anangowapempha kuti azifupikitsa. Koma amai Sakala sanali munthu wolemetsa nyumba ya mkamwini. Anazimitsa foni, kuikulunga m'chitenje, n'kuiika pansi pa pilo.

Doris atabwerako anatsegula laputopu, ndipo anafuula ndi chimwemwe.

"A Daka, munakamba zoona! Amai azimya chabe foni, manje onani mwamene ikuthamangila!"

Conrad anaona m'maganizo Doris akuseka mpaka kugwira nthiti, nkhani n'kufika kwa aphunzitsi anzake, yakuti katswiri wa tibokosi anasungira intaneti kuseri kwa furiji. Choposa apo, akanavomera bwanji kuti anasiya mlandu wake ugwere apongozi? Kupita yekha kwa iwo sikukanatheka, poti mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso. Njira inali imodzi yokha, yodzera mwa Doris.

"Nizakamba mailo," anadziuza.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Masana m'nyumbamo munangoti zii. Conrad akaweruka kuntchito ankamva kugogoda kwa ndodo, kuchoka pabedi kupita pawindo, kuchoka pawindo kubwerera pabedi. Kuseka kuja kunatha. Doris anawapatsa amayi ake foni yake kuti aimbire, koma iwo anakana, ati foni ndi foni, zonse zimadya mofanana, adzayatsa mayeso akatha. Doris anatumiza uthenga ku Petauke, ndipo amai Consolata anayankha kudzera mwa Stephen kuti mwana aphunzire, iwo adikira.

Manyazi anamudya Conrad. Chakudya chinasiya kukoma. Anayamba kubwera ndi nthochi za pamsewu waukulu, tsiku lina malalanje, lina nkhuku yamoyo, zonse za apongozi. Ndipo madzulo alionse Doris ankabwera ndi yankho lobaya kuposa chitonzo.

"Amai akuti zikomo. Akuti mkamwini wa mtima monga imwe sapezeka."

Akadutsa m'khondemo, kanyali kobiriwira kaja kankamuyang'ana, ndipo iye ankafulumiza mapazi.

Lachinayi masana, Conrad atabwera kudzadya, foni ya Doris inalira. Anali Stephen. Doris anamvetsera ataima, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Amai akulu aleka kukamba kuyambila m'mawa," anatero. "Mpaka dzulo anali kufunsa kuti mng'ono wanga ayatsa liti. Stephen akuti tibwele lelo."

Conrad anathamanga kukapeza galimoto yoti mwendo wa pulasitala ukwanemo. Pobwerera anapeza apongozi ataima pakhomo la chipinda chawo, atatsamira ndodo, nkhope atalozetsa kukhoma monga mwa ulemu. M'dzanja anali ndi kamtolo ka chitenje.

"Doris," anatero amai Sakala, "uwauze atate a nyumba anikhululukile, ninawaonongela makina yao. Uwafunseko ngati ningayatse pang'ono chabe. Petauke ni patali. Ningapeze atseka maso."

Conrad anagwada pomwepo m'khondemo, pansi pa kabokosi.

"Uwauze amai kuti foni yao inalibe mlandu," anatero. "Ni ine ninaika kabokosi kumbuyo kwa fuliji. Ninakachotsako pa Chiwelu, tsiku lamene anazimya foni."

Doris sanaseke. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo Conrad analakalaka akanaseka. Uthengawo Doris sanaupereke n'komwe, chifukwa amayi ake anali ataumva okha. Iwo sanatembenuke. Anamasula chitenje ndi mano, nayatsa foni.

Stephen anayankha msanga, nalozetsa foni yake pabedi. Chithunzi chinabwera chowala bwino, osadukiza ngakhale kamodzi. Amai Consolata anali chigonere, maso ali otsegula, milomo ikugwedera popanda mawu.

"Akulu anga, ni ine," anatero amai Sakala. "Nayatsa. Kambani, nikumvelani."

Anabwereza kangapo. Panja woyendetsa galimoto analiza hutala, koma palibe amene anasuntha, ndipo Conrad anali chigwadire.