Pulogalamu ya Malemu Lyuben

Nevena, mkazi wa malemu Lyuben, anali akugawa tirigu wowiritsa wa pamaliro m'timbale pamene mlamu wake Stoil anayambiranso nkhani ija. Magalasi onse m'nyumbamo anali akadali ophimbidwa ndi nsalu, monga mwa mwambo wa maliro.

"Iwe Rumyana, m'banja muno wodziwa za makompyuta ndiwe wekha. Siya zakubankizo, ubwerere ku Sofia kuno. Ntchito ya bambo ako ikwiriridwe nawo limodzi iwe ulipo?"

"Bambo aang'ono, ku Plovdiv ndili ndi mwamuna ndi ana. Ndiwaike m'thumba?"

"Ana amakula paliponse."

Bambo ake a Rumyana, a Lyuben, anathera moyo wawo pa pulogalamu imodzi yowerengetsa mmene mtsinje wa Danube ungasefukire chipale chofewa cha m'mapiri chikasungunuka. Inkayenda pa kompyuta yaikulu ngati nyumba, ndipo kompyutayo inali pafupi kuzimitsidwa poti yatsopano inali itafika. Rumyana ankawadziwa mapulogalamu akale oterewa. Amakakamira makina amene anabadwirapo, ndipo mwini wake akatsikira kuli chete, aliyense amaopa kuwakhudza. Anali ndi mantha, komanso mkwiyo. Chinthu chimene chinamulanda bambo ali mwana chinkafuna tsopano kumulekanitsa ndi ana ake.

Pakona panali Velin, mnzawo wa kuntchito wa malemuwo, atafungatira chikwama cha kakompyuta kake.

"Kunena zoona, pa makina atsopanowo sitinaiyesebe," anatero. "Palibe akufuna kukhala woyamba."

"Zibambo zophunzira kuopa batani!" Nevena anapukuta manja pa epuloni. "Tsegulani kanuko, mundilumikize kumeneko. Ndiyesa ine."

Stoil anaseka mpaka kachasu wa rakiya anamutsamwa. "Alamu, inuyo? Foni yeniyeniyo mumachita kuitana aneba kuti akuyatsireni!"

"Eya, mkulu wanuyo ankandifunira umbuli womwewo. Lamlungu tikadya, ankandikhazika pa kompyuta yopanda kanthu, nthawi zina yobwereka, amvekere, 'Nevena, tandiikira pulogalamu ija.' Iye n'kukhala apo atakhalira manja ake kuti asandilozere. Ndikasokonezeka, ankati wolakwa ndi iye, n'kukakonza mpaka ndidutse ndekha. Anzanga amuna awo ankapita nawo kokavina, ine kovina kwanga kunali kumeneko."

Velin analumikiza. Nevena anavala mandala ake, nayamba kuwerenga malangizo mokweza, akudina ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira. Kenako mizere ya mawu inayamba kutsika yokha. Rumyana anasendera pafupi. Pulogalamuyo inkafunsa makinawo kuti ndi amtundu wanji, n'kudzikonza kuti igwirizane nawo, n'kudziyesa chigawo ndi chigawo. Palibe pamene inafuna munthu wodziwa zinsinsi zake.

Posakhalitsa Danube anaoneka pa kakompyutako, wobiriwira, akutupa pang'onopang'ono kulowa m'zigwa za ku Vidin, mudzi ndi mudzi. Stoil anaika tambula yake pansi mosamala.

"A Lyuben makina awa sanawaonepo," Velin ananena motsitsa mawu, misozi ili lengelenge. "Pamene ankalemba zigawo zinazi, n'kuti makina otere kulibe ndi m'maloto momwe. Mayi Rumyana, pitani kwa ana anu. Iyi sikufuna mlonda mmodzi. Ife tiisamala, ndipo obwera pambuyo pathu adzaithanso."

Zaka zonsezi Rumyana ankaganiza kuti bambo ake akudzimangira chinthu choti anthu asamathe kuchita kanthu popanda iwo. Koma iwo Lamlungu ndi Lamlungu ankadzichotsamo, kuti tsiku ngati limeneli pasadzapezeke womangidwa nacho. Anachita nawo mantha aulemu, ndipo anawasowa kwambiri.

"Dikirani, sizinathe," anatero Nevena. "Pali kafunso kena apa. Aka ndiye n'kachilendo."

Chala chake chinaima m'malere. Rumyana anali ataliona kale yankho, ndipo dzanja lake linali litanyamuka kuti liloze. Analiyang'ana kanthawi. Kenako anakokera mpando pafupi ndi mayi ake, nakhala pansi, nalowetsa manja onse awiri kunsi kwa ntchafu zake.

"Werenganinso, amayi," anatero. "Sitikuthamangira kulikonse."