Oyamwa Magazi Obwera ndi Nyimbo

Moni kwa inu mukuwerenga, ndipo ayamikike Ambuye amene andisunga mpaka imvi zino kuti ndikusimbireni za m'mawa uja.

Ndinali chiweramire pakati pa mpungabwi wanga, mwana wanga Enid ali kumbuyo, pamene nyimbo inatulukira kuseri kwa mitengo ya mango. Anali anyamata a chipani, malaya ofiira, zikwakwa pamapewa. Patsogolo panali Che Dinala, tcheyamani wawo kwathu ku Malindi, munthu woti tinakulira limodzi.

"Amayi a Enid, tulukani m'tchiremo."

"Si tchire ili, Che Dinala. Ndi munda."

Mwana wanga woyamba, Basil, anapita ndi malungo asanayambe n'kuyenda komwe, bambo ake ali ku migodi ku Joni. Pochoka kumanda ndinauza Mulungu kuti wachiwiriyu sindidzamupereka kwa udzudzu. Ndinakakumba mpungabwi ndi chanzi m'mphepete mwa phiri, n'kubzala kuzungulira nyumba yonse. Masamba ena ndinkafikisa pamphasa, ena kufukiza paphale. Udzudzu umadana nalo fungo limenelo.

"Munati chiyani dzulo kunyanja, pochapa?" anafunsa Che Dinala.

Ndinakumbuka. Abiba, mnansi wanga wachisilamu, anandifunsa za fungo la pansalu yanga, ine n'kuyankha kuti ndi mankhwala othamangitsa oyamwa magazi, aja amabwera ndi nyimbo. Amayi onse anaseka. Wina anaseka n'kukanena.

"Ndinkanena udzudzu."

"Udzudzu umaimba?"

"Simunaumvepo m'khutu? Kapena kwanu umalira ngati mbuzi?"

Mnyamata wina anati aseke, n'kusandutsa chifuwa. Che Dinala anaponya chikwakwa pamapazi panga.

"Nenani pano kuti simunkanena ife. Kenako mudule nokha, ndi dzanja lanu."

Masiku amenewo anthu ankapita osabwerera chifukwa cha mawu ochepa kuposa angawa. Koma Enid ankapumira pakhosi panga, mpweya wake wofunda bwinobwino, wopanda moto wa malungo.

"Ine ndikunena woluma mwana wanga," ndinatero. "Ngati inu simuluma ana, mwakwiyiranji? Dzanja limene linatseka maso a Basil silidula izi."

Anadula okha. Ine ndinaima pakhonde n'kuyamba nyimbo ya pa Lachisanu Loyera, osaleka. Fungo linadzaza bwalo lonse ngati lubani wa m'tchalitchi.

"Mangani mitolo," anatero Che Dinala. "Umboni uwu upite ku ofesi."

Anyamata anayang'anizana. Ndani angasenze pamutu mankhwala a munthu? Anamanga ndi luzi n'kumakoka pansi, ine ndili pambuyo pawo, kudutsa pa chitsime, pa sukulu, mpaka pakhomo pa ofesi ya chipani. Unali mwezi wa Meyi, mpungabwi utakhwima njere.

Anandikhazika padzuwa tsiku lonse, akuti ndipepese. Ndinapepesa kwa Mulungu yekha, chifukwa cha mbuzi ija. Ansembe athu atabwera kudzandipepesera, a chipani anandimasula ndi lamulo limodzi: ndikadzabzalanso, ndidzakabzalira kundende.

Chilimwe chonse ndinkayang'ana bwalo langa lambee, mtima uli m'mwamba, podziwa kuti udzudzu udzabwera ndi mvula. Sindinabzale. Ndinapemphera basi, ndipo mapemphero ena anali aukali.

Mvula inagwa, inagwanso. Tsiku lina m'mawa Abiba anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Anzanga, tulukani mudzaone zimene wachita Mulungu wanuyu!"

"Ndi wanunso, Abiba."

"Lero ndakusiyirani!"

Kuyambira pakhomo panga, mzere wobiriwira wa mpungabwi unatsata njira yonse, kudutsa pa chitsime, pa sukulu, kukathera patsinde pa mlongoti wa mbendera.

Nditaona kuti wakula, ndinatenga dengu dzuwa lili pamutu, n'kuyambira pa ofesi pomwepo. Che Dinala anatulukira pakhomo.

"Mukutani apo, amayi a Enid?"

"Ndikulambula njira ya boma, a Tcheyamani. Tchire lachuluka."

Enid, amene tsopano ankayenda yekha, anadzandira kupita kwa iwo, n'kuima pamaso pawo akutafuna tsamba, malovu obiriwira ali chuchuchu pachibwano.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi a m'nyumba mwanu. Ana anu agone tulo tabwino, ndipo chanu chimene adani akoka pansi, chimere.