Nambala ya Pansi pa Blenda

Bambo anafika ndi blenda yatsopano Loweruka masana, bokosi lili paphewa, mano onse pamtunda.

"Amayi, onani! Mawati 2000. Iyi ikhoza kugaya ndi miyala yomwe."

Mayi amagulitsa juwisi m'maofesi. Blenda yawo yakale inafa Lachinayi, ndipo Lolemba makasitomala akudikira. Mayi anali atapempha ina yolemera, ya mawati 800. Bambo anakana. Ati nambala yaing'ono ndi ya anthu amantha.

Bambo atalowa kubafa, mayi anainyamula. Kupepuka ngati mbale yapulasitiki. Anaitembenuza. Pansi pake, pakapepala kasiliva, timalemba tamanyazi: 300W. Zaka zisanu zomwe mayi anagwira m'khitchini ya hotela sizinapite pachabe. Nambala ya pabokosi ndi yokopera ogula, mphamvu ya kamphindi komwe mota ikudzuka. Ya pansiyi ndiyo imagwira ntchito.

Awauze? Nkhani ya magetsi bambo samva za mkazi. Mayi anangoimbira foni achimwene awo.

"Achimwene, bwerani mudzaone makina a alamu anu."

Anabwera, nakhala pampando wapakhitchini. Mayi anayala makaloti athunthu, jinja, ndi ayisi wouma gwa.

"Tidule kaye, abambo? Mwina ingatope."

"Kudula? Alamu, mwamva? Ponyani zonse!"

Mayi anaponya zonse, mwaulemu, ndi manja awiri.

Bambo anadina batani. Blenda inakuwa ngati galimoto yampikisano. Kenako inayamba kubuula. Kaloti mmodzi anazungulira kawiri n'kuima, osakandika ndi pang'ono pomwe.

"Ikuganiza kaye," anatero achimwene.

"Ikutenga mphamvu," anayankha bambo, chala chili pabatani.

Fungo la waya wopsa linadzaza khitchini. Kautsi kanatuluka kumbali. Zii.

"Magetsi a masiku ano," bambo anayamba.

"Koma firiji ikulira bwinobwino, alamu."

Mayi anakhuthula makaloti, napukuta tebulo, blenda ija n'kuigoneka chagada, kapepala kasiliva katayang'ana bambo. Bambo anavala magalasi. Anawerenga. Anavula magalasi.

Lamlungu m'mawa anali m'sitolo, mayi ali pambuyo ndi chikwama. Bambo ankatembenuza blenda iliyonse pashelefu, kuiyesa kulemera m'manja.

"Achimwene," bambo anauza wogulitsa, "bokosi limanama. Ine ndimawerenga pansi. Tipatseni iyi ya 800."

"Abwana mumazidziwa zinthu," anatero wogulitsa.

"Kwambiri," anatero mayi, akutsegula chikwama kuti ilowe.